Chitenje cha a Enelesi

M'mawa uliwonse apongozi anga a Enelesi ankasesa pa thandala loyanikapo nsomba, ngakhale masiku amene panalibe usipa woyanika. Ine ndinkawaona ndikusambitsa mwana, osawafunsa kanthu.

Kwa zaka makumi awiri anakhala akugula usipa ku maboti a Oscar kuno ku Malindi. Ankalipiratu boti lisanalowe m'madzi, monga achitira amayi onse a pa doko, popanda pepala. Akazi a Oscar, a Rachael, anali mnzawo wa kukwaya.

Tsiku lina a Rachael anabwera akulira.

"Anzanga, banja latha. Akufuna kundithamangitsa chimanjamanja. Mukandichitire umboni."

Apongozi anavomera. Anawabwereka ngakhale chitenje chawo chakale chong'ambika m'mphepete.

"Valani ichi, musakapite mutatchena ngati kuukwati. Aweruzi akaone kuti mwavutika."

Anaseka onse awiri. Ku khoti ku boma apongozi analumbira kuti maboti awiriwo ndi injini zake anagula ndi a Rachael, ndi ndalama za geni yawo. Iwo sanaonepo pogula, anangomva kwa mnzawoyo. A Oscar sanatsutse n'komwe. Khoti linapereka maboti kwa a Rachael.

Patatha miyezi itatu tinamva kuti bizinesi ya a Oscar yagwa. Ndalama zonse zimene apongozi analipiratu, za sizoni yonse, zinali mmenemo, pamodzi ndi za amayi ena khumi ndi anayi.

Khoti linasankha bambo wina, a Ayub, kuti asonkhanitse katundu wa a Oscar, agulitse, agawire onse amene a Oscar anali nawo ngongole. Anapeza njinga yakapalasa ndi ukonde wowola basi. A Ayub anati a Oscar anangobisa maboti aja m'dzina la akazi awo, ndipo anakasuma kuti abwezedwe. Tinadikira chaka.

A Ayub anabwera okha kudzatiuza, pansi pa mtengo wa mango.

"Amayi, zakanika. Akuti za mabotiwo khoti linagamula kale pa mlandu wa banja uja. Sangazengenso kachiwiri."

"Koma ndi bodza!" anatero a Keti, mmodzi wa amayi aja.

"Panali mboni yolumbira," anayankha a Ayub, maso ali pansi.

Palibe anatchula dzina. Amayi onse anangotembenukira kwa apongozi.

Sabata yomweyo ndinaona malaya a Oscar atayanikidwa pa chingwe kwa a Rachael. Sindinanene, koma apongozi anawaonanso.

Anasiya kupita kukwaya. Ku doko amayi sankawapatsanso moni. Kusesa kokha ndiko sanasiye, mpaka pamene miyendo inayamba kutupa.

Lachinayi lomaliza la moyo wawo, ndikuwamwetsa phala, anandigwira dzanja.

"Amake Lusiya, ndinu wamanyazi, ndikudziwa. Komabe pitani kwa a Rachael. Za ndalama musakatchule. Mukangoti ndikufuna chitenje changa chija."