Tebulo Lagalasi la Alamu

Mayi Gunvor Ekdahl anagwira ntchito yophika pasukulu ina mumzinda wa Gävle mpaka kupuma pantchito. Anali munthu wosakonda zokangana. Amuna awo a Torsten, oyendetsa basi, ankawaseka kuti, "Iwe munthu akakuponda phazi, wopepesa umakhala iweyo."

A Torsten anamwalira ali kocheza kwa mng'ono wawo Börje. Anaimirira kuti athire khofi, mtima n'kuima, iwo n'kugwera patebulo lagalasi la pabalaza. Tebulo linaphwanyika, magazi n'kuthimbirira pakapeti.

Tsiku la maliro, anthu akudya keke muholo ya tchalitchi, Börje anasendera pafupi, zonona za keke zili pandevu.

"Alamu, pepanitu. Koma inshuwalansi yanu ya nyumba ija ilipobe?"

"Bwanji?"

"Ili ndi gawo lolipira mukawononga katundu wa munthu wina. Tebulo lija linali la ku Italy. Inu simutulutsa kanthu, alipira ndi akampani."

Mayi Gunvor anayang'ana ndevu zija zikugwedera. Anakankhira keke yawo pambali. Komabe anavomera kuti aimba foni.

Mayi wa kukampaniko anafotokoza mwaulemu. Gawolo limalipira ngati wawononga cha mnzako chifukwa chosasamala, monga kusiya mpopi wosatseka, madzi n'kutsikira kwa aneba apansi. Munthu wogwa ndi matenda alibe mlandu, ndiye palibenso cholipira.

Börje anabwera yekha kudzamva yankho. Anamwa khofi, kudya mabanzi awiri, kenako anati, "Aaa, zosavuta izo. Mukanene kuti anali atalawako pang'ono, anapunthwa, mtima unaima pambuyo pake. Angatsutse ndani? Mwini wake ali m'manda."

"Ndiwanamizire uchidakwa amuna anga chifukwa cha tebulo?"

"Ndi mawu chabe, alamu."

"Mkulu wako, bere limodzi, anafera pakapeti pako, iwe maso ali pagalasi! Ukundinyansa, Börje. Nyamuka."

Börje anatuluka akung'ung'udza kuti za kapeti sanazitchule n'komwe. Mayi Gunvor ananyamula kapu imene anamwerayo ndi zala ziwiri n'kukaiponya m'bini, natsegula mawindo onse ngakhale kunja kunkagwa chipale chofewa.

Mpaka lero sayankhulana. Börje anagula tebulo lina, lagalasinso, ndipo amauza aliyense womumvera kuti mlamu wake ndi wouma mtima. Akakumana kusitolo, mayi Gunvor amangokhotetsa ngolo yawo yoguliramo zinthu n'kulowera kogulitsa sopo.