Boti la aSakala

Fungo la guluu wa faiba womatira maboti likandipeza, ngakhale ndili m'basi, ndimabwerera m'maganizo kukomboni kwathu ku Kamitondo, kuseri kwa nyumba ya aSakala, kumene boti loyera linkakhala pa migolo pansi pa mtengo wa mapeyala, kutali ndi madzi, nkhuku zikupalasa kunsi kwake.

ASakala anali oyandikana nafe, akwathu ku Katete. Anakalambira kudamu la mgodi akukonza maboti a thanga a mabwana. Migodi itagulitsidwa ntchito inatha, anzawo anabalalika, amayi a kunyumba kwawo n'kuti atatisiya kale, ndipo ana anali ku Lusaka osabwera ngakhale pa Khirisimasi. Chinawatsalira ndi botilo, lomwe bwana wina wa ku Kansenshi, ku Ndola, anawasiyira kuti alikonze, adzalitenge likachira.

Inenso ndinali kamtsikana kosowa anzake. Mabanja a mumsewu mwathu ankasamuka limodzilimodzi, atate ankangokhala pakhonde kukamwa kuli pululu ngati akuyembekeza basi, choncho ndikaweruka kusukulu ndinkalowera pampanda kupita kwa aSakala.

Matenda a botilo anali m'mimba. Kunsi kwake kunali thanki yomwe amadzazamo madzi kuti boti lilemere, lisagubuduke mphepo ikakankha thanga, ndipo thankiyo inkadontha. M'mawa uliwonse aSakala ankavala ovolosi yawo yakuntchito, yochapa ndi kusita, n'kuthiramo madzi ndi ndowa. Ine pofika masana ndinkapeza m'boti muli chinyezi, iwo akugogoda apa ndi apo, khutu lili tcheru ngati adokotala, kenako n'kupukusa mutu.

"Manzi ni kawalala, mwaiche," ankatero, kutanthauza kuti madzi ndi mbala, mwana iwe. "Pamene aonekela si pamene achokela."

Dzinja linadutsa, chisanu chinadutsa. Bwana wa ku Ndola akatumiza munthu, yankho linali lomwelo: "Tikali kusakila."

Loweruka lina ndinaona achimwene akufufuza pobooka pa chubu cha njinga ndi madzi a sopo. Nzeru zinandibwerera. Ndinanyamula pampu ndi kasopo ka amayi, ulendo pampanda.

"Agogo, tiyeseko so."

Anazengereza, koma ine ndinali nkhakamira. Anakhuthula thanki, anatseka pothirira ndi mphira, n'kuyamba kupopa pang'onopang'ono, ine ndikukwawa m'boti, kupaka thovu m'misoko yonse. Pakona, kunsi kwa mpando, thovu linayamba kufufuma. Ndinawaitana mtima uli m'mwamba. Nditapukuta ndi chala kuti aone bwino, ndinapeza kuti pa mng'alu womwewo panali kale kamtanda ka pensulo, kozilala.

"Agogo, kansi munapaona kudala, kalekale?"

Anakhala pa ndowa, pampu ili pamiyendo, maso ali pa botilo.

"Nikasiliza nchito iyi, mailo kukacha nizavalila chani ovolosi?"

Manyazi ndi chisoni zinandigwira pamodzi. Ndinawauza kuti tingofufuta thovulo, sindiuza munthu. Anakana.

"Awe, mwaiche. Wapapeza wapapeza. Nchito ikaoneka siibisika."

Anapala pamalopo ndi sandipepa, anayala nsalu ya faiba, anapaka guluu mosamala ngati akumanga bala la mwana, fungo lake n'kudzaza bwalo lonse. Guluu atauma anathira madzi, ndipo thanki inawasunga osataya dontho. Uthenga kwa bwana uja anatumiza okha. Posakhalitsa galimoto inabwera n'kulikoka botilo, pansi pa mtengo n'kutsala migolo yokha.

Ndinkapitabe. Ndinkawapeza atakhala pa mgolo, atavala malaya apanyumba, koma nkhani zinali zitapita ndi boti. Mvula isanagwe anabwerera ku Katete, ndipo sindinawaonenso.

Zimandipwetekabe mpaka lero. Ndikaona wokalamba akuchedwa pa kantchito kake, ngakhale njira yachidule ndikuiona, ndimameza mawu. Ndimakhala pansi, n'kumugwirira ndowa.