Kamaiki ka m'kolala

Anzanga, lero ndikuuzani za galu wina dzina lake Paison. Pepani mawuwo, abwino ndilibe.

Tinakumana pamsika wa Nchalo, pamene ndimasoka. Kunali chimphepo chafumbi. Iye anatulukira ndi kakamera kam'manja, tija tojambulira maukwati, m'khwapa atapanira chidole chaubweya cha pakaunjika.

"Asisi, mungandisendere chidolechi?"

"Kusenda? Mwayesa mbuzi?"

Anaseka. Akuti mphepo ya kuno ikamenya maiki, mufilimu mumangomveka phuuu. Amafuna kachipewa kaubweya koveka maikiyo. Ndinasoka, anayesa pompo, mawu n'kumveka bwinobwino.

"Takhuta, asisi, zikomo. Manja anuwa ndi a director."

Ine kugwa ndi mawu amenewo. Uchitsiru!

Kuyambira pamenepo kamera ija tinailera ngati mwana. Tripod yoimikapo kamera analibe, wowotcherera anatilumikizira mapaipi a bedi lakale. Ndodo ya maiki inali nsungwi, ndipo woinyamula m'mwamba ndinali ine, dzuwa la ku Chikwawa likuswa mtengo, mikono ikunjenjemera. Chowalitsira nkhope tinamata mapepala onyezimira pakatoni. Chikwama ndinasoka ndekha, cha timatumba ta mabatire.

Tikapuma ankandilozetsa kamera.

"Seka, Otilia. Iwe ndiye filimu yanga yeniyeni."

Ndinkaseka. Ndinkamukonda, sindikana.

Kenako anabwera ndi kamaiki kopanda waya kuchokera ku Blantyre, kakang'ono ngati chala. Ukakavala, mawu ako amakafika kukamera ngakhale ili patali. Anandipempha ndisoke kathumba kobisika m'kolala ya bulauzi kuti ochita sewero azikavala osaoneka. Yoyesera inali bulauzi yanga.

Nthawi imeneyo ankajambula filimu ya kulowa kufa, mwambo uja woti mkazi wamasiye agone ndi mwamuna wina pochotsa imfa pamudzi. Tsiku lililonse ankadandaula.

"Ma actor angawa akulira zabodza. Palibe feeling."

Loweruka lina ndinapita naye kwathu kwa Katunga kuti akaonekere kwa amayi. Bambo anga anamwalira chaka chatha. Amayi anamuphera nkhuku, anzanga. Nkhuku!

Titadya anandikokera pambali.

"Vala kamaiki kaja ndiyese range. Ukangolowa m'nyumba ndizimitsa. Komanso uwafunseko amayi mmene zinayendera pamaliro, zindithandiza polemba script."

Iye anakakhala pansi pa mtengo, ati akujambula ng'ombe.

Ndinawapeza amayi akusankha thonje. Nditafunsa, anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu.

"Mwanawe, ichi chifere m'mimba mwako. Ine kufa sindinalowe. Nkhabe! Azakhali ako a Jesinta anandimvera chisoni, anauza abale kuti mwambo wachitika. Akadzadziwa abambo ako aang'ono a Geresomo, imfa iliyonse pamudzi pano adzati ndabweretsa ndine."

Analira. Inenso ndinalira, nditawakumbatira, kamaiki kali pakati pathu...

Patapita masabata atatu filimu inatuluka pa Facebook. Ndinaionera pafoni ndili pamashini panga. Pakati pake, mkazi wina atafunda chitenje chakuda wapereka msana kukamera. Koma mawu ake, anzanga... anali a amayi anga. Onse. Ndi dzina la azakhali, ndi dzina la a Geresomo, ndi kulira komwe.



Pofika mawa lake inali itazungulira pa WhatsApp mudzi wonse. Ndani kwa Katunga sadziwa mawu a amayi? Amaimba kwaya! Ndipo mwezi womwewo a Geresomo anali ataika mwana wawo wamng'ono, wa malungo.

Anabwera kwa amayi masanasana ndi abale.

"Mlamu, mwatiphera mwana ndinu. Chaka chonse mukudya nafe mbale imodzi muli ndi imfa m'thupi?"

Dimba analanda. Azakhali a Jesinta mpaka lero palibe amawalankhula. Amayi anamanga mitolo, anabwerera kwao ku Makhuwira, kusiya nyumba imene anaumba njerwa zake ndi bambo.

Ndinamupeza Paison akupukuta galasi la kamera ndi kansalu, akuimba mluzu.

"Unati uzimitsa!"

"Oti, calm down. Nkhope yawo sinaoneke."

"Mawu si munthu?"

"Iwe sukumvetsa art. Waona ma views? Filimu imeneyi ipulumutsa azimayi ambiri."

"Amayi anga si mzimayi?"

Anangokweza mapewa. Kenako, popanda manyazi, akuti: "Ngati zavuta choncho, tikawajambule part two, afotokoze mmene awathamangitsira."

Anzanga, malovu anatuluka okha. Ndinamulavulira kumaso. Ndinakhuthulira pafumbi zonse zinali m'chikwama chija, mabatire, mawaya, ma memory card, n'kunyamula chikwama changa. Ndipo Paison, ndikudziwa ukuwerenga. Usadzayerekeze kudutsa pamashini panga. Sizasi yanga ndi yakuthwa.

Koma ukali wonsewu sunandibwezere kanthu.

Lamlungu lapitali ndinapita ku Makhuwira. Amayi anandiyalira mphasa ngati mlendo. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinalira mpaka mawu kutha.

"Zamveka," anatero.

Ndinasendera kuti ndiwakumbatire. Anandiimitsa ndi dzanja. Zala zawo zinayenda m'kolala mwanga pang'onopang'ono, kuchokera uku mpaka uku, zikufufuza.

Sanapeze kanthu. Komabe tsiku lonse anangondiuza za mvula ndi za mbuzi zodwala.

Mwamuna ndidzapeza wina, anzanga, amenewo ndi mbwee. Koma amayi anga ondibereka akuopa kulankhula pamaso panga.