Nsalu Zoyera pa Kapinga

Kulira kwake kunali kolemera ngati chigayo chakutali, ndipo mawindo ankanjenjemera nako. Chilimwe chimenecho ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Loweruka lililonse ndege yakale ya mapulopela awiri, imene inkayendetsa anthu okonda zamakedzana, inkazungulira pamwamba pa nyumba yathu ku South Bend, ku America, kunja kukununkhira kapinga wongometedwa kumene.

Agogo aamuna, bambo awo a mayi, anali atabwera kuchokera ku Zomba mutu utayamba kuwasokonekera. Akangomva kulirako ankadzambatuka, kusolola mabedishiti oyera n'kukawayala pa kapinga mopingasa, kenako n'kugwada maso ali kumwamba. Ndinali nditamva azimayi a kutchalitchi akunena kuti nsalu yoyera ndi yokulungira maliro, choncho sindinkakayika kuti agogo akuitana ndegeyo kuti idzawatenge. Ndinkakoka nsaluzo ndikulira, iwo n'kundikankha ndi mphamvu zomwe sindinkadziwa kuti anali nazo.

Mayi nawo anati amenewa ndi malodza. Anakiyira mabedishiti onse m'sutikesi n'kupita ku ntchito yawo yosamalira okalamba. Ndege itabwera, agogo anasanthula nyumba yonse osapeza kanthu. Anavula malaya awo oyera n'kuthamangira nawo kumsewu, akuwakupiza pakati pa magalimoto, ine ndili pambuyo kukuwa m'Chingerezi chimene iwo sankamvanso. Matayala analira, ndipo ndinaona agogo atagwa pa phula lotentha.

"Ikubwerera! Anyamata sanadye!" ankafuula, dzanja likadali m'mwamba.

Anathyoka chiuno, ndipo anawatumiza ku chipatala cha ku Indianapolis. Tikupita kukawaona, minda ya chimanga ili mbali zonse za msewu, amalume ndi amene anamasula nkhaniyo.

"Achemwali, mwaiwala za Burma? Ndege ya Dakota ngati imeneyo ndi imene inkaponyera bambo ndi asilikali anzawo chakudya m'nkhalango pa nkhondo. Ikapanda kuona nsalu pansi, inkabwerera nacho."

Mayi anaphimba nkhope ndi manja.

Agogo sanabwererenso kwathu. Anamwalirira m'nyumba ya okalamba ku Beech Grove masamba atayamba kuyoyoka. Chilimwe chonsecho ine ndinkaopa kuti ndegeyo iwaona. Lero, pamene nane ndili ndi ana oti ndiwadyetse, ndikudziwa kuti iwo ankaopa kuti idutsa osawaona.