Ndinakana Kamodzi Kokha

Ine ndine wa chimwemwe, kutchalitchi onse amadziwa. Ndikamasesa ndimaimba, ndikamatsuka mbale ndimaimba. Koma nsanje, mayo ine, nsanje inandipeza ku Takoma Park, ku America kuno, ndili khale pabalaza ndi imvi zangazi.

Kwa mwana wanga wamkazi kumene ndimakhala, pa TV pali tchanelo china chakutali, choti udine rimoti mpaka chala kuwawa. Loweruka lililonse amaonetsapo mpikisano umene anthu ambiri saudziwa. Mwana ndi gogo wake amavala malaya ofanana n'kulowa m'nkhalango yochita kupanga. Akwawe m'matope, awoloke mlatho wa zingwe, afufuze kiyi m'dzenje la masamba, kumapeto gogo anyamule ndowa ya madzi mpaka akaimbe belu. Chingerezi chawo sindimva, koma matope safuna womasulira. Tinkaonera awiri, ine ndi mdzukulu wanga wamkazi wa zaka khumi ndi chimodzi, ine ndikukuwa, "Pamutu, mayi iwe, senza pamutu!" Iwo ayi, ndowa m'manja, madzi onse kuthera m'miyendo.

Tsiku lina mdzukuluyo anabwera akuthamanga, foni ya mayi ake ili m'manja. Mayi akewo anali atamulembetsa ku mpikisanowo, ndipo eni mpikisano anamutenga. Anandifunsa m'Chingerezi, mayi ake akumasulira: "Agogo, mupita nane?"

Mtima unavina, unavina chimtali! Koma kwathu munthu wamkulu savomera chabwino ulendo woyamba. Umakana, akuchonderere, ukanenso, akugwire dzanja, ndiye uvomere ngati akukakamiza. Choncho ndinati, "Aaa, ine? Nkhalamba ngati ine? Mawondo awa? Ayi, mwanawe."

Ndinadikira kachiwiri. Nkhope yovomera monyinyirika ndinali nditaikonza kale.

Mwana anangoti, "Oke, Agogo," n'kundisisita bondo mondimvera chisoni. Pomwepo anaimbira agogo ake ena, asewere anga a ku Fairfax, mayi ake a mkamwini wanga. Iwo ndi a ku Lusaka, akhalitsa kuno, kukana anaiwala kalekale. Ndinawamva ndi makutu angawa pa foni: "Nizabwela, mwana wanga, nizabwela!" Kufunsidwa kamodzi, kuvomera kamodzi, opanda ndi manyazi omwe! Ndinayang'ana mwana wanga wobala ndekha kuti andipulumutse. Anadziwa, ndithu anadziwa, koma anangoti, "Amayi, mwakana nokha. Kuno ayi ndi ayi."

Tsiku loonetsa mpikisano wawo pa TV, pabalaza panadzaza abale. Asewere anakhala pakati ngati mkwatibwi. Ine ndinakhala kumbali, ndikupemphera pemphero loti abusa asalimve: Ambuye, asathyoke, koma aterereke pang'ono. Anatererekadi, kawiri, anthu akuseka, iwonso akuseka. Pofika pa ndowa anaikumbatira pachifuwa ngati khanda, madzi khavu khavu. Ine amene ndinasenza ndowa kuyambira mano a mkaka asanaguluke, wopanda nkhata, ndikutsika chitunda ndikuimba! Ndikanafika pa belu lija dontho limodzi lisanagwe.

Anakhala achiwiri. Mendulo sinandipweteke, ndi yapulasitiki. Chinandibaya n'chakuti mdzukulu wanga, matope thupi lonse, anawadumphira m'khosi akufuula, "Agogo! Agogo!" dziko lonse likuona. Dzina langa lomwelo, khosi la wina.

Mawa lake mdzukuluyo ndinamuitanira kukhitchini. "Iwe, ndinkafuna kupita."

Anatong'ola maso. M'Chichewa chake chopunduka anati, "Koma munati ayi."

"Ayi woyamba si ayi."

"Ndiye ayi weniweni ndi uti?"

Ndinaseka mpaka kugwira tebulo, misozi ikutuluka, sindikudziwa ya mtundu wanji. Iye anathamangira kuchipinda n'kubwera ndi jumbo. M'katimo munali malaya awiri a mpikisano, ake ndi a asewere, matope atakanirira. Makina ochapira anali atalephera. "Agogo, inu mumatha," anatero.

Ndinachapa pamanja, ndikuimba, mpaka anayera mbee. Ake ndinamupatsa. A asewere, eni ake aimba kale foni katatu kufunsa, ndimati sanaume. Amandikwana bwinobwino, mapewa ndi m'chiuno momwe.