Masamba Oyera a M'buku la Kemisitili

Ndikukumbukira tchuthi cha Ogasiti, chaka chimene ndinali Giredi 12. Ndinafika kwathu ku Chiparamba kuchokera kusukulu yogonera ku Chipata, lipoti la mayeso oyeserera nditalipinda kanayi n'kulibisa pansi pa sutikesi. Maphunziro onse ndinakhoza, kupatula Kemisitili. Ameneyo anandigwetsa chagada. Ndinkafuna kukaphunzira udokotala, ndipo aphunzitsi anali atatiuza mosabisa kuti wolephera Kemisitili kusukulu ya udokotala sakayandikirako. Atate nawo ananeneratu kuti kunyumba kwathu kulibe zobwereza kalasi, popeza pambuyo panga panali ana anayi. Kunatsala miyezi iwiri yokha kuti tilembe mayeso enieni.

Pamudzi ankanditchula kale kuti adokotala. Ndikamapita kumjigo, amayi achikulire ankandionetsa mawondo otupa, ine n'kumagwedeza mutu ngati ndikudziwa kanthu. Ndikanayamba bwanji kunena kuti ndalephera? Choncho ndinkayala mphasa pansi pa mtengo wa mango n'kumawerenga Bayoloje, phunziro limene ndinkalidziwa kale mpaka kumapeto. Linkandikomera chifukwa silinkandichititsa manyazi.

Amama sanapite patali ndi sukulu, Chingerezi sawerenga. Tsiku lina masana tikuswa mtedza pakhonde, manja atatuwa ndi fumbi la makoko, anakoka mabuku anga n'kuyamba kuwatembenuza. Sankayang'ana zolembedwa, ankayang'ana m'mphepete mwa masamba. La Bayoloje linali lakuda bii ndi thukuta la zala zanga, chikuto chikulendewera. La Kemisitili linali lakuda koyambirira ndi kothera, koma pakati panali mzere woyera mbee.

"Dailesi, apa zala zako sizinapondepo," anatero. "Pali chiyani chimene ukuthawa?"

Ndinayesa kunama kuti pamenepo sitinafikepo. Anangondiyang'ana, akupitiriza kuswa mtedza. Misozi inayamba yokha. Ndinakatenga lipoti lija n'kuwawerengera zonse.

Nkhani yake inali yochititsa manyazi. Tili Giredi 10 ndinadwala malungo milungu iwiri, ndipo nditabwerera m'kalasi ndinapeza aliyense akunena mawu akuti "mole". Masamu onse a Kemisitili ankadutsira pa mawu amenewo. Poopa kufunsa, ine wodziwika kuti wanzeru, ndinatsegula dikishonale. Inati ndi kanyama kokumba pansi pa nthaka. Mfuko! Ndinadziwa kuti m'botolo la asidi simungakhale mfuko, koma ndinaganiza kuti mwina azungu akutanthauza tinthu tobisala tosaoneka. Kuyambira pamenepo ndinkangoloweza njira za masamuwo osamva kanthu, funso likasintha pang'ono basi ndasokonekera. Zaka ziwiri ndinakhala choncho.

Amama anaseka mpaka kupukuta maso ndi chitenje. "Mwana wa mlimi kuopa mfuko? Kumunda timaikumba imeneyo." Kenako anasiya kuseka. Anati mawa m'mawa ndisambe, tikaone a Tembo.

A Tembo anali mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito, amene ankalima tomato kudimba kutsidya kwa mtsinje. Tinayenda ulendo wa ola lathunthu, Amama atasenza beseni la mtedza woti akawapatse, ine nditakumbatira buku. Tinawapeza atavala nsapato za jombo, akuthirira ndi kheni. Amama anagwada, n'kufotokoza okha nkhani yonse, ya mfuko yomwe, ine ndikufuna nthaka itandimeza.

Mkuluyo sanaseke. Anathyola tomato anayi n'kuwaunjika pa thumba, kenako anatola mbatata zinayi n'kuziunjika pambali. Anandifunsa kuti pamsika zimenezi timazitcha chiyani. Ndinati milu.

"Mulu uwu ndi uwu, kuchuluka n'chimodzimodzi?"

"Inde, zinayi zinayi."

"Nanga kulemera?"

Ndinanyamula. Mbatata zinkalemera kuposa.

"Basi, mwana wanga, ndi zomwezo. Mole ndi mulu. Kungoti mulu wa asayansi ndi waukulu zedi, chifukwa tinthu timene amaunjika ndi tating'ono kwambiri. Mulu uliwonse nambala yake ndi imodzi, koma kulemera kumasiyana malinga ndi chimene waunjika."

Ndinakhala pansi pamzere wa tomato. Ndinapsa mtima, kunena zoona. Zaka ziwiri ndikuvutika ndi chinthu chimene mayi aliyense wogulitsa pamsewu wa ku Mwami amachidziwa. Koma mumtima munapepuka nthawi yomweyo.

Tchuthi chonsecho ndinkapita kudimbako katatu pa mlungu. A Tembo anandiletsa kugwira Bayoloje mpaka Loweruka. Ankandipatsa mafunso a zaka zam'mbuyo, ndikalakwa sankandiuza yankho, ankangoti ndiwaonetse mzere umene ndinayambira kusochera. Tikufufuza choncho tinapezanso kuti ngakhale masamu a tizigawo ndinali wofooka, ndiye tinabwerera mpaka za Giredi 8, ine ndikuluma mano. Ankalemba ndi kamtengo padothi lonyowa, fungo la masamba a tomato lili m'mphuno. Kunyumba Amama anandichotsa pa ntchito yotunga madzi, azing'ono anga akudandaula kuti adokotala ayamba ufumu.

Zotsatira za mayeso enieni zitatuluka ndinakazitenga ndekha ku Chipata. Pobwerera ndinapeza Amama akupalira chimanga. Sanafunse za maphunziro ena onse. Anaimika khasu n'kunena mawu amodzi okha, amene anali atawaphunzira chifukwa cha ine: "Kemisitili?" Ndinati ndapeza wani, kukhoza kwapamwamba kwenikweni. Anakhala pansi pamzere pomwepo n'kuphimba nkhope ndi manja amatope.

Masiku ano ana amene amabwera kudzandifunsa za udokotala ali ndi mafoni odzaza mafunso akale ndi mavidiyo a aphunzitsi. Ndi mwayi umene ife tinalibe, ndipo sindiwachitira nsanje. Koma manyazi ofunsa ndi omwe aja, ndipo ambiri amathawirabe ku phunziro limene amalikonda. A Tembo anatisiya ndili chaka chachitatu ku yunivesite, sindinawathokoze mokwanira, ndipo zimandipwetekabe.

Amama alipo, akalamba. Akabwera kuchipatala kumene ndimagwira ntchito amakana kudumpha mzere, ngakhale anamwino awachonderere bwanji. Amakhala pabenchi ndi odwala ena kuyambira m'mawa, kabuku kakuchipatala kali m'manja. Tsiku lina ndinawadandaulira kuti akundichititsa manyazi, anthu aziti sindisamala mayi anga.

"Ndisiye," anatero. "Ndimafuna ndimve akundiuza kuti lowani muonane ndi adokotala, ndikatsegula chitseko ndipeze iwe."