Waya wa Buleki pa Uta wa a Jowakimu

Munda wathu unali m'tsinde mwa phiri, chakumadzulo kwa msika wa Thambani, ndipo anyani ankauwona ngati wawo. Zimene ndikulembazi zinachitika zaka zija anthu ankakhamukira kuno kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki. Mlongo wanga amauza anthu kuti ndinali kamwana kosadziwa kanthu. Si zoona. Ndinali Sitandade 6, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe chimene ndinkachita. Chimene sindinkadziwa ndi nsinga ya uta.

A Jowakimu anafika ndi akazi awo, ana awiri, mphika umodzi ndi uta. Ku kampu ya othawa nkhondo sankakufuna, ankati mothithikana anthu sagonamo tulo. Bambo anawapatsa malo m'mphepete mwa munda, pangano lake n'kukhala loti azilondera chimanga. Uta wawo sunali ngati timauta tathu tansungwi. Unali wa mtengo wakuda, wosalala ndi thukuta la manja, nsonga zake zopindikira kutsogolo ngati nyanga. Anasema ndi bambo awo. Akaukoka, nsinga inkalira mwakuya, ndipo anyani ankathawa muvi usanafike n'komwe.

Mvula ili pakati, chimanga chitayamba kukhwima, nsinga ija inaduka. Inali ya chikopa cha gwape, ndipo inali itakalamba. Bambo anabweretsa chingwe cha khonje. A Jowakimu anachigwiragwira n'kuchibweza, amvekere khonje amanyenyeka ndipo amasupula chala. Amayi anasomola ulusi wa m'matumba a ufa wa thandizo. Anaukananso: umatamuka, muvi umagwera pamapazi. Iwo ankafuna chikopa basi.

Anapeza chikopa cha mbuzi. Anachiviika, kupala ubweya, n'kudula mzere umodzi wautali mozungulira kuti pasakhale mfundo. Anaupota, kuupaka mafuta a nsatsi, n'kuupachika pakhonde, kumunsi atamangirira mwala. Fungo lake linkadzaza bwalo lonse, ntchentche zili ng'waa. Anati ukufunika masiku asanu kuti uume. Koma mvula ya mvumbi inakana kukata. Masiku asanu anatha, chikopa chili chofewa ngati matumbo.

Anyani anazindikira msanga. Ankatsika m'mawa, masana, madzulo, wamkulu wawo n'kukhala pachulu kumatiyang'ana akusenda chimanga ngati wagula. Panyumba panalibe wokhala pansi. Bambo ankapita kumunda, kubwera, kukatsina chikopa, kupitanso. Ine m'kalasi sindinkamva kanthu, maso ali kuphiri. Tsiku lina ndinamva bambo akuuza amayi kuti, "Mlonda wopanda uta ndi wa chiyani? Sabata ino ikatha, azipita ku kampu."

Nzeru inandibwerera ndikuyang'ana njinga yakufa ya bambo. Waya wa buleki saopa mvula, satamuka, saduka. Ndinadabwa kuti akuluakulu onsewa sanaganizepo bwanji. Tsiku lolandira chakudya, a Jowakimu atapita kukaima pamzere, ndinatsitsa uta kudenga la khumbi lawo. Ndinayeza waya ndi nsinga yakale, kutalika ndendende, pakuti ine za miyeso sindinalakwitsepo. Ndinaupinda uta ndi bondo, n'kukulunga waya kunsonga zonse ziwiri.

Muvi woyamba unauluka kupitirira chulu. Dzanja linachita dzanzi mpaka m'phewa, koma ndinati ndiye mphamvu yake imeneyo. Wachiwiri, waya anandikwapula pamkono, magazi n'kutuluka. Wachitatu ndinakoka mpaka kukhutu. Ndinamva kuti thee! Nsonga yakumwamba inali itang'aluka, waya atalowa m'mtengo ngati mpeni. Ndinamasula waya msangamsanga, kubweza uta kudenga, n'kuvala malaya a manja aatali dzuwa lisanapendeke n'komwe.

Madzulo a Jowakimu anabwera nawo uta pabwalo. Bambo ataona mng'aluwo anapsa mtima. Ananena mawu amene sindidzawalemba onse, kuti munthu wolephera kusamala chida chake sangasamale munda wa mwini, ndi kuti mawa anyamuke. A Jowakimu anayendetsa chala m'mzera umene waya anasiya. Kenako anayang'ana malaya anga. Anatenga uta wawo n'kubwerera kukhumbi.

Kutacha ndinawapeza akumanga katundu, akazi awo akupisa nkhuku m'dengu. Ndinazungulira nkhokwe kawiri, kupita kuchitsime wopanda ndowa, kubwerera. Potsiriza ndinakaima pamaso pa bambo n'kupinda dzanja la malaya.

"Uta ndinathyola ndine. Ndinaikako waya wa njinga yanu."

Bambo anayang'ana bala, kenako njinga, kenako ine. Anadzuka n'kulunjika kukhumbi, ine ndili pambuyo.

"Achimwene, katunduyu akupita kuti?"

"Munati tinyamuke, bambo."

"Ndani? Ine? Ine ndimanena utawu kuti unyamuke ukakonzedwe. Masulani, masulani, nkhukuzo zifa ndi kutentha."

Kumeneko ndiye kunali kupepesa kwa bambo, ndipo a Jowakimu anakulandira osaseka. Kenako a Jowakimu anandiitana, n'kundigwiritsa chikopa chija.

"Iwe mininu," ndi mmene ankatchulira mnyamata, "kokera kuno. Wamva? Chimalola pang'ono. Muvi ukachoka, mphamvu yotsala imathera mu nsinga. Waya salola, ndiye yonse inathera mu mtengo."

Anadula nsonga yong'aluka, kudulanso inayo kuti zifanane, n'kuzikulunga ndi kachikopa kakawisi kamene kanauma n'kugwira ngati chitsulo. Dzuwa litabwerera anakunga nsinga yatsopano, kuyeza mpata wa pakati pa nsinga ndi uta ndi chibakera choimika chala chachikulu. Uta unalira, koma mawu ake anali ataonda, ndipo muvi sunkafikanso pachulu. A Jowakimu anakhala nafe mpaka nkhondo itatha. Za mng'aluwo sanazitchulenso, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa chikoti.

Chilango changa chinali kulondera munda ndi chitini ndi ndodo milungu iwiri yathunthu, uta ukuchira. Lipoti la sukulu la teremu imeneyo ndili nalo m'bokosi mmene ndimasunga mapepala anga onse. Aphunzitsi analemba kuti, "Waulesi, amajomba." Waulesi! Munthu wodzuka tambala woyamba, kuimba chitini mpaka manja kuchita matuza, kutukwanizana ndi anyani mvula ili pamsana! Kujomba ndikuvomera. Ulesi ndimaukana mpaka lero.

Masiku ano phiri lija ndi lambee, mitengo inapita m'matumba a makala, ndipo anyani anasamuka osatsanzika. Chaka chatha kusukulu ya adzukulu anga kunali chionetsero cha zamakolo. Pathebulo panali uta weniweni wakale, wobwereka kwa agogo a wina, atakungapo chingwe chapulasitiki choyanikira zovala, chobiriwira, atausiya padzuwa. Anthu ankaujambula ndi mafoni. Ndinapempha mphunzitsi kuti aumasule, pakuti uta ukakhalitsa uli wokunga padzuwa mtengo wake umafooka. Anati, "Madala, n'zongoonetsa izi, palibe alase nawo." Ndinadikira atatembenuka, n'kuika bondo pa utawo, n'kuumasula ndekha.